Kafue: Mudzi wa pa Dooko ndi Bwalo Lace la Milandu

Amuna ambiri amene anacokera ku maiko a kumwera kukagwira nchito ku migodi ya Nkana, Mufulira, Nchanga ndi Roan Antelope anaudziwira mudzi wa Kafue pa zenera la sitima basi. Sitima ikacoka ku Mazabuka inali kuyenda m'dziko losalala ngati mphasa, kenaka inali kucepetsa liwiro ndi kulowa pa ulalo wautali wa zitsulo, madzi ali mbuu uku ndi uku. Ndipo itatulukira tsidya la kumpoto inali kuima kanthawi pa steshoni. Ambiri a iwo sanatsikepo ai, pakuti mitima yao inali kale ku Kalale ndi ku Wusakile. Komatu mudzi umene anaupitirira cotero ndi mbale weni-weni wa migodi. Madzi amene anthu amwa ku Kitwe ndi omwewo apita pansi pa ulalo wa Kafue. Malasha amene anali kusungunula mkuwa anaoloka pomwepo. Ndipo magetsi ambiri amene atsitsa cikwepe m'mgodi acokera m'mapiri a kum'mawa kwa mudziwo.

Kafue ali m'cigawo ca Lusaka, makilomita 44 kumwera kwa mzinda wa Lusaka, ndiwo mamailosi 27 pa kuwerenga kwa kale. Boma la Kafue liyambira pa gombe la mtsinje, likwera mapiri, ndi kutsikira ku Zambezi m'dziko la Mfumu Chiawa, kumene kukhala Agoba. Mbali ina ndi dziko la Asoli, a Mfumu yaikulu Nkomeshya. Kale linali kufika mpaka m'mphepete mwa Lusaka, koma m'caka ca 2012 dera la Chilanga linadulidwa ndi kukhala Boma pa lokha. Ngakhale linacepetsedwa cotero, kalembera wa 2022 anapeza m'Boma la Kafue anthu oposa 200,000.

Mudzi unatenga dzina kwa mtsinje, ndipo mtsinjewo ndiwo wautali koposa yonse imene iyamba ndi kuthera m'kati mwa Zambia, pakuti uyenda makilomita oposa 1,500. Utumphuka pafupi ndi malire a Congo, upita pakati pa midzi ya migodi, kumene Alamba auchula Lufubu, utsikira kumwera m'mbali mwa zithaphwi za Lukanga, nulowa m'nkhalango yaikulu ya nyama ya Kafue National Park. Ukafika pa Itezhi-Tezhi ukhotera kum'mawa. Aila a kumeneko auchula Kavuvu, ndiko kunena kuti mtsinje wa mvuu, ndipo dzina la Alamba lija litanthauza cimodzi-modzi.

Kuyambira pa Itezhi-Tezhi mtsinje uiwala changu cace. Ulowa m'dambo lalikulu lochedwa Kafue Flats, lotalika makilomita pafupi-fupi 240, losalala kotero kuti madzi ayenda ngati nkhalamba, nakhota-khota, nasiya maiwe ndi zisumbu. Mvula ikagwa ku migodi m'mwezi wa January, cigumula cace cifika kuno mocedwa, ndipo dambo lonse lisanduka nyanja. Madzi akaphwa m'cilimwe patsala msipu wobiriwira, ndipo ndi msipu umenewo unalemeretsa Aila ndi Atonga, eni ng'ombe zambiri, amene caka ndi caka anali kutsitsira zoweta zao kudambo. M'kati mweni-mweni mwa zithaphwi munali Abatwa, akatswiri a bwato ndi mkondo wa nsomba. Muli mbalame zosawerengeka, ndi nyama ya mtundu wa nswala yochedwa lechwe ya ku Kafue, imene sipezeka kwina kuli konse pa dziko lapansi.

Tsono dambolo lithera pa mudzi wa Kafue. Apa mapiri ayandikana, madzi aunjikana m'khwawa limodzi, ndipo pang'ono kum'mawa mtsinje wofatsa uja usanduka cirombo: ugwera m'phompho la matanthwe, nutsika mamita oposa 500 usanakakomane ndi Zambezi kunsi kwa Chirundu. Apa ndipo pagona cinsinsi ca mudziwu. Kumadzulo kwace mtsinje ndi wotambalala kosati nkumangapo ulalo, kum'mawa kwace ndi maphompho osayendamo ngolo. Munthu ali yense wofuna kucoka kumwera kunka kumpoto ndi katundu wolemera ayenera kudzera pa khosi limeneli, afune asafune. Kafue sanakule cifukwa ca mfumu yamphamvu kapena mgodi, koma cifukwa ndi dooko.

Mzungu woyamba kulemba za dera lino ndi David Livingstone. Ataona mathithi a Mosi-oa-Tunya m'mwezi wa November 1855, anadzera pa mtunda wa Atonga ndi anthu ace a Cikololo, nafika pa Kafue m'December, pa mudzi wa mfumu ina dzina lace Semalembue. Anaoloka mtsinje, nakwera mapiri a kum'mawa, ndipo anazizwa ndi kuculuka kwa njobvu ndi njati zimene anaziona m'cigwa. Anafika ku Quelimane m'caka cotsatira. Za njobvuzo, wofuna kuziona lero ayenera kutsikira ku Chiawa.

Patapita zaka makumi asanu kunabwera njanje. Ulalo wa pa Victoria Falls unatha m'caka ca 1905, ndipo anthu a George Pauling, mwini kampani yoyala njanje, anathamangira kumpoto kufuna mgodi wa mtobvu wa Broken Hill, umene tsopano ndi Kabwe. M'caka ca 1906 anamanga ulalo wa Kafue: zigawo khumi ndi zitatu za zitsulo zokhala pa mizati, utali wace wonse mamita 427, ndipo pa masiku amenewo unali ulalo wautali koposa wa njanje yonse ya Rhodesia. Maina a mainjiniya analembedwa m'mabuku. Maina a anthu akuda amene anakumba maenje a mizati m'matope, pakati pa ng'ona ndi udzudzu, sanalembedwe. Anali kulandira ndalama zocepa zimene zambiri zinathera ku msonkho wa nyumba, umene Kampani inali itayamba kumene kukhometsa. Njanje inafika ku malire a Congo m'1909, ndipo migodi yaikulu itatsegulidwa ca m'ma 1930, ulalo wa Kafue unasanduka m'mero wa dziko lonse: malasha a ku Wankie anali kukwera, mkuwa unali kutsika kunka ku dooko la Beira.

A galimoto anadikira nthawi yaitali. Iwo anali kuoloka pa pantuni kufikira caka ca 1949, pamene a Beit Trust anaika ulalo wa mseu. Zitsulo zace zinali ndi mbiri yodabwitsa, pakuti zinayamba zakhala pa mtsinje wa Thames mu London, monga ulalo wongoyembekezera pa nthawi ya nkhondo yaciwiri, kuopa kuti mabomba angagwetse maulalo eni-eni. Nkhondo itatha zinapasulidwa ndi kubwera nazo kuno. Ulalo umene magalimoto aolokapo masiku ano ndi wina, womangidwa ndi cithandizo ca dziko la Japan, ndipo unatha m'caka ca 1993.

Njanje inabwera ndi alimi a Cizungu, amene anapatsidwa minda ikulu-ikulu mbali zonse za njanjeyo. Cionetsero cao ca zaulimi cinali kucitikira pa Kafue cisanasamukire ku Lusaka, ndipo mwana wa Mfumu ya ku Mangalande, Prince of Wales, anafikako m'caka ca 1925. Koma minda imeneyo sinali yopanda eni. M'zaka za 1928 ndi 1929 Boma linadula malo ochedwa marizevu, ndipo Asoli, Atonga ndi Alenje ambiri anauzidwa kuti acoke m'mbali mwa njanje, kumene kunali nthaka yabwino ndi msika, apite kutali. Malo ena amene anawasiya anakhala zaka zambiri osalimidwa, kudikira Azungu amene sanabwere. Pa nthawi imeneyo Boma loyang'anira dera lonseli linali pa Chilanga. Pamene likulu la dziko linacoka ku Livingstone ndi kukhazikika ku Lusaka m'caka ca 1935, Kafue anatsala ngati mwana wokhala pafupi ndi mkulu wace wodya kwambiri: cinthu ciri conse cacikulu cinali kupitirira kunka ku Lusaka.

Cinthu cimodzi sicinapitirire, ndico sukulu. Amishoni a Primitive Methodist anatsegula Kafue Training Institute m'caka ca 1918, motsogozedwa ndi Mbusa John Fell, munthu wouma mutu pa za maphunziro, amene anafuna kuti anyamata aphunzire uphunzitsi pamodzi ndi ulimi ndi nchito za manja. Sukuluyo ndiyo inadzakhala Kafue Boys Secondary School. Mmodzi wa ana ace anali Harry Mwaanga Nkumbula wa ku Maala m'dziko la Aila, amene anaphunzira pomwepo, nakaphunzitsa ku Mufulira ndi ku Kitwe, nadzakhala mtsogoleri wa African National Congress m'caka ca 1951. Ndiponso panali pa Kafue pamene nthumwi za mabungwe a Welfare a m'matauni a m'njanje zinasonkhana m'caka ca 1933, kufuna kupanga bungwe limodzi la dziko lonse. Boma linakana kulibvomereza. Linati mau a anthu ayenera kudzera kwa mafumu ao, osati kwa makalaliki ndi aphunzitsi.

Mau amenewo afikitsa nkhani pa za milandu, pakuti funso lakuti ndani ayenera kuweruza anthu a m'tauni linabvuta Boma la Atsamunda zaka zambiri.

Azungu asanabwere, mlandu unali kukambidwa pa bwalo la mudzi. Nyakwawa ndi akulu anali kukhala pansi pa mtengo, wodandaula ndi wodandaulidwa anali kubwera ndi abale ao, ndipo munthu ali yense wodziwa kanthu anali ndi ufulu wa kulankhula. Colinga cacikulu sicinali kulanga ai, koma kubweza: wolakwa anali kulipira mbuzi, khasu kapena ng'ombe, abale ace namthandiza, kuti mawa anthu adyerenso pamodzi. Kunalibe ndende. Kunalinso zoipa zace, monga mwabvi pa milandu ya ufiti, ndi kupereka munthu mu ukapolo cifukwa ca mlandu wa mbale wace. Izi siziyenera kubisidwa.

Pamene British South Africa Company inatenga dziko, inaligawa pawiri, ndipo malire ace anali mtsinje wa Kafue womwewu. Kufikira caka ca 1905, tsidya lina linali North-Western Rhodesia, lolamulidwa kucokera ku Kalomo, ndipo tsidya lina linali North-Eastern Rhodesia, lolamulidwa kucokera ku Fort Jameson, kumene tsopano ndi Chipata. Cotero anthu awiri oonana pa dooko limodzi anali ndi Abwanamkubwa awiri, otalikirana ulendo wa milungu yambiri. M'1905 malire anasunthidwa kum'mawa, m'1911 maiko awiriwo anaphatikizidwa kukhala Northern Rhodesia, ndipo m'1924 Kampani inapereka ulamuliro kwa Boma la ku London.

Masiku onsewo woweruza anali Bwana wa pa Boma. Iye yemweyo ndiye anali kulemba anthu m'kaundula wa msonkho, iye yemweyo anali kutuma amesenjala kukagwira osakhoma, ndipo m'mawa mwace iye yemweyo anali kukhala pa mpando kuwaweruza. Ena a Abwanawo anali anthu acilungamo, odziwa cinenero ndi miyambo. Koma ngakhale munthu wolungama sangathe kukhala mwini mbuzi, mboni ndi woweruza pa mlandu umodzi. Milandu yoculuka sinali ya kuba kapena kupha, koma ya msonkho, ya citupa, ya kuthawa nchito pangano lisanathe, ndi ya kuphika mowa m'komboni. Pakati pa Bwana ndi woimbidwa mlandu panali kuima womasulira, ndipo anthu anadziwa msanga kuti liu limodzi lotembenuzidwa molakwa litha kumtengera munthu ku ndende.

M'caka ca 1929 Boma linapanga lamulo lobwezera mafumu mphamvu ya kuweruza milandu yaing'ono monga mwa mwambo, ndipo mabwalo amenewo anachedwa Native Courts. Wosakhutira anali kukadandaula kwa Bwana D.C. Mabwalo a majisitireti anakonzedwa ndi lamulo lina la 1933, ndipo pamwamba pao panali High Court. Koma m'midzi ya njanje ndi ya migodi munalibe mfumu. Mubemba atakwatira Mnsenga, kapena Mlozi atakongoza Mngoni ndalama, mwambo wa yani unayenera kutsatidwa? Sitalaka ya 1935, imene inabuka cifukwa ca kukwera kwa msonkho, ndipo anthu asanu ndi mmodzi anaphedwa ku Luanshya, inatsegula maso a Boma kuti anthu a m'tauni sali alendo ongodutsa. Ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1930 linatsegula mabwalo a m'tauni, m'mene munali kukhala akulu otumidwa ndi mafumu a mitundu yosiyana-siyana. M'mabwalo amenewo munabadwa pang'ono-pang'ono mwambo watsopano, wosakhala wa mtundu umodzi, umene anthu a m'tauni aweruzidwa nao kufikira lero.

Dziko litalandira ufulu pa 24 October 1964, Boma latsopano linalekanitsa nchito ya kulamulira ndi ya kuweruza. Lamulo la 1966 linasandutsa Native Courts kukhala Local Courts, linacotsa mafumu pa mpando woweruzira, ndi kuika mabwalowo pansi pa nthambi ya zamilandu. Kusinthaku kunafika pa nthawi yace, pakuti Kafue anali pafupi kudzala ndi anthu ocokera ku mbali zonse za dziko.

Cimene cinawaitana ndi phompho lija. Kale m'caka ca 1953 aphungu a Northern Rhodesia anali atabvomereza kuti pa Kafue Gorge pamangidwe nyumba ya magetsi yothandiza migodi. Koma caka comweco kunayamba Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo m'1955 Boma la ku Salisbury linasiya Kafue ndi kusankha Kariba, nyumba ya magetsi niikidwa tsidya la kumwera kwa Zambezi. Ngakhale Azungu a kuno anakwiya, pakuti ndalama zambiri za Citaganya zinali kucokera ku mkuwa. Atonga a ku Gwembe okwanira 57,000 anasamutsidwa kuti nyanja ya Kariba ipeze malo. Kuipa kwa cosankhaco kunaonekera poyera pa 11 November 1965, pamene Ian Smith anapandukira Mangalande: migodi ya Zambia inapezeka kuti moyo wace wonse, magetsi, malasha ndi njira ya ku nyanja, uli m'manja mwa mdani.

Cotero Boma la Dr Kenneth Kaunda linabwerera ku Kafue mwachangu. Nchito inayamba m'caka ca 1967, yogwiridwa ndi kampani ya Energoprojekt ya ku Yugoslavia. Anachinga mtsinje pa khomo la phompho, naboola phiri, nakumba cipinda cacikulu pansi pa nthaka coikamo makina. Nchito imene munthu wa ku mgodi aimvetsa bwino koposa wina ali yense. Makina oyamba anazungulira m'1971, ndipo zaka za m'ma 1970 zisanathe nyumbayo inali kutulutsa mamegawati 900. Popeza dambo la Kafue ndi losaya, ndipo dzuwa limamwa madzi ambiri, anamanganso damu lina ku Itezhi-Tezhi, lotha m'1977, losungira madzi a cilimwe. Mtengo wace analipira ndi anthu a kudambo. Cigumula cinaleka kutsata mvula, cinayamba kutsata zofuna za makina. Malo ena amene anali kuuma anakhala m'madzi caka conse, ena amene anali kumira analeka kumira, msipu unacepa, ndipo lechwe zinacepa nao. Nyumba yaciwiri ya magetsi, ya mamegawati 750, yomangidwa kunsi kwa yoyamba ndi kampani ya Sinohydro ya ku China, inayamba kugwira nchito m'2021 ndi kutsirizidwa m'2023. Koma cilala ca 2024 cinaonetsa kuti makina ngakhale aculuke, popanda mvula midzi igona mu mdima.

Pamodzi ndi magetsi Boma linaganiza zosandutsa Kafue mudzi wa mafakitale. Akatswiri a kampani ya Doxiadis ya ku Greece anajambula mapu a tauni yatsopano, ndipo kunamangidwa nyumba za Kafue Estates, ndi miseu yoongoka, ndi madzi a m'mipope. Fakitale ya Nitrogen Chemicals of Zambia, yomangidwa ndi a Kobe Steel a ku Japan, inatsegulidwa m'1970, kupanga mankhwala amene asanduka zophulitsira miyala ku migodi, ndiponso feteleza wa alimi. Kafue Textiles inayamba kuomba nsaru ndi thonje la m'dziko momwemo, ndipo citenje cace cinabvalidwa kuyambira ku Mongu kufikira ku Chipata. Kunalinso fakitale ya Bata yofufuta zikopa, ndi ina yopanga yisiti. Anthu zikwi-zikwi anabwera, ena a iwo ocokera ku migodi komwe. Ndipo amene sanapeze nyumba za kampani anamanga zao ku Zambia Compound ndi m'makomboni ena. Cinyanja cinasanduka cinenero ca pa msika, ngakhale mudziwo uli pakati pa Asoli ndi Atonga.

Zaka zabwinozo zinali zowerengeka. Mtengo wa mkuwa unagwa m'1975, ndalama zakunja zogulira zitsulo za makina zinasowa, ndipo mafakitale anayamba kutsimphina. Boma la Frederick Chiluba litalowa m'1991 linatsegula malire a malonda. Salaula ndi nsaru zochipa zakunja zinadzaza misika, ndipo Kafue Textiles inafooka kufikira makina ace anakhala cete. Fakitale ya feteleza inacepetsa anchito ace kwambiri. Amuna amene anagwira nchito zaka makumi awiri anadikira ndalama zao za penshoni zaka zinanso zambiri, ena namwalira asanazione. Pambuyo pace kunabwera fakitale yosungunula zitsulo, ndipo anthu ena ambiri okhala pa Kafue anayamba kulawira m'mamawa kukagwira nchito ku Lusaka. Koma amene anauona mudziwo m'1972 sanena kuti unabwerera mwakale.

Mbiri yonseyi ikomana pa khomo la bwalo la milandu. Pa Kafue pali bwalo la majisitireti, lochedwa Subordinate Court, ndipo pali Local Court. Kwa majisitireti kupita milandu ya kuba, ya kumenyana, ya ngozi za pa mseu waukulu wa ku Chirundu ndi ku Livingstone. Cinenero ca bwalolo ndi Cingelezi, cotero womasulira uja akali kuima pa malo ace akale. Milandu yoopsa koposa, monga ya kupha munthu, itumizidwa ku High Court ku Lusaka, ndipo kuyambira December 2022 palibenso cilango ca kunyonga pa milandu yotere m'dziko la Zambia. Ku Local Court ndiko kupita anthu wamba ambiri, pakuti kumeneko munthu adzilankhulira yekha m'cinenero cace, popanda loya, ndipo ndalama zolembetsera mlandu ndi zocepa. Ukwati wa mwambo, cisudzulo, cigololo, kutukwanana, ngongole za pa msika, zonsezi zithera kumeneko. Wosakhutira ndi ciweruzo akwera kwa majisitireti, kucoka apo ku High Court, ndipo kuyambira 2016 pali Court of Appeal munthu asanafike ku Supreme Court. Makwererowo alipo ndithu, koma wokwera afunika thumba lolimba.

Milandu ya cuma ca masiye ndiyo isonyeza bwino m'mene tauni inasinthira mwambo. Kwa Asoli, Atonga, Abemba ndi Acewa, munthu alowedwa ndi a kucikazi, ndiwo abale ace ndi ana a mlongo wace. Kumudzi mwambo umenewu unali ndi nzeru yace, pakuti mkazi wamasiye anali ndi munda kwao ndi alongo ace omsunga. Koma m'tauni cuma ca munthu ndi nyumba, mipando, wailesi ndi ndalama za penshoni, zimene mwamuna ndi mkazi anazipeza pamodzi. Ndipo kunali kucitika kawiri-kawiri kuti maliro asanathe abale a mwamuna afika ndi lole, nasesa zonse, mai ndi ana natsala pa simenti. Lamulo la 1989 linaika magawo: munthu akafa wosalemba wilo, pa 100 pali ponse ana alandira 50, mkazi kapena mwamuna wotsala 20, makolo a womwalira 20, ndi ena amene anali kudalira iye 10, ndipo nyumba ikhala ya ana ndi wamasiye, iye nakhalamo kufikira imfa kapena kukwatiwanso. Bwalo liika munthu woyang'anira kugawako, amene anthu amchula adiminisitireta, ndipo milandu yambiri ibuka cifukwa iye aiwala kuti anapatsidwa kugawa, osati kudya. Lamuloli silikhudza malo a mafumu.

Malowo ali ndi milandu yao-yao. Lamulo la 1995 linalola kuti malo a mwambo asandutsidwe a pepala, a zaka 99, mfumu ndi khonsolo zikabvomera. Popeza Lusaka asefukira kumwera, ndipo m'mbali mwa Zambezi ku Chiawa mufunidwa ndi eni mahotela a alendo oona nyama, nthaka ya Boma la Kafue yakwera mtengo, ndipo banja limene lalima munda kuyambira kwa agogo litha kudzuka m'mawa ndi kupeza waya. Asodzi naonso adziwa njira ya ku khoti. Caka ciri conse kuyambira pa 1 December kufikira kutha kwa February kusodza ndi koletsedwa, kuti nsomba ziswane, ndipo wogwidwa ndi nsomba zaziwisi, kapena wokokera khoka la masikito limene lisesa ndi tiana tomwe, aonekera kwa majisitireti. Miyezi imeneyo ndiyonso miyezi ya njala, ndipo woweruza ndi woweruzidwa onse awiri adziwa cimeneco.

Mlandu waukulu koposa wa mtsinjewu unacokera ku migodi. Pa 18 February 2025 damu losungira zinyalala za mgodi la kampani ya Sino-Metals Leach Zambia ku Chambishi linagumuka, ndipo madzi a asidi anathamangira m'mtsinje wa Mwambashi ndi kulowa mu Kafue. Nsomba zinayandama zakufa, minda ya m'mbali inapsya, ndipo mipope ya madzi ya ku Kitwe inatsekedwa masiku angapo. Boma linathira laimu m'mtsinje, wina pa ndege, kuti aphe ukali wa asidi. Anthu a pa Kafue, ngakhale ali kutali kunsi, anachera khutu ndi mantha, pakuti pa Iolanda, pafupi ndi mudzi wao, ndipo pali makina opopa madzi amene anthu ambiri a mu Lusaka amwa. M'mwezi wa September caka comweco alimi oposa zana limodzi a dera la Chambishi anapereka dandaulo lao ku High Court ku Lusaka, kufuna cipukuta misozi ca minda, zitsime ndi thanzi lao.